Phokoso la Speedway ndi Nyumba Zatsopano ku England

(Kumveke kulira kwa njinga zamoto zinayi zikunyamuka limodzi, kenako kuzilale pang'onopang'ono)

Zomwe zangolirazi ndi njinga zamoto za mpikisano wotchedwa speedway. Ku England kuli anthu amene akamva kulira kumeneku mtima umakhala m'malo, chifukwa amadziwa kuti nyengo yozizira yapita ndipo timu yawo yabwerera m'bwalo. Kuseri kwa mpanda wa bwalo lomwelo kuli anthu enanso amene akangokumva amathamangira kukatseka mawindo, mwana atadzidzimuka kutulo. Magulu awiriwa akhala akukokanakokana kwa zaka zambiri m'maofesi a makhonsolo ndi m'makhoti, ndipo mlandu wawo umodzi unakafika mpaka kukhoti lalikulu kwambiri la dziko la United Kingdom. Pulogalamu ya lero ikufotokoza mkangano umenewu.

Speedway amachitira pabwalo lozungulira, lothiridwa dothi losakaniza ndi timiyala tophwanya. Njinga yake ndi yachilendo. Ilibe mabuleki, giya ndi imodzi yokha, injini ndi ya 500cc, ndipo m'thanki sathiramo petulo koma mafuta otchedwa methanol. Okwera anayi amandanda kuseri kwa chingwe, aliyense atafinya klatchi, injini zikubangula mpaka oonerera kumva kunjenjemera m'chifuwa. Chingwe chikangokwera m'mwamba, onse amafwamphuka kulimbirana kona yoyamba. Poti mabuleki palibe, wokwera amakhota pogoneka njinga chammbali, tayala lakumbuyo likutsetsereka ndi kumwaza dothi, phazi lamanzere lovala nsapato yachitsulo likukhula pansi. Akazungulira kanayi, mpikisano watha, patangopita mphindi imodzi yokha. Anayi ena amalowa. Pausiku umodzi wa masewera a ligi pamakhala mipikisano 15 yotere.

Phokoso lotere limasautsa mwanjira yakeyake. La msewu waukulu limangopitirira ndipo khutu limafika polizolowera. La speedway limabwera mwadzidzidzi, kukwera kwa mphindi imodzi, kenako zii. Munthu akati apume, layambiranso. Pakatipakati pamamveka zimkuzamawu za wolengeza ndi kuchemerera kwa masapota. Zonsezi zimachitika kawirikawiri madzulo, kuyambira mu Malichi mpaka mu Okutobala, nyengo yomwe anthu a kumeneko amafuna kukhala panja kapena kugona mawindo ali otsegula.

Masewerawa anatchuka koyamba ku Australia m'zaka za m'ma 1920, ndipo anafika ku Britain mu Febuluwale 1928 pamalo otchedwa High Beech, m'nkhalango ya Epping. Itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, mabwalo ankadzaza ndi anthu ogwira ntchito m'mafakitale pamodzi ndi mabanja awo. Mu 1981 anthu oposa 90,000 anasonkhana pa Wembley kudzaonera mpikisano wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse. Mabwalo ena anamangidwa kunja kwa matauni, pafupi ndi minda kapena mafakitale, kumene panalibe woti n'kumusokoneza. Koma matauni anakula, nyumba zinasendera, mpaka zina zinafika pampanda penipeni.

(Nyimbo pang'ono)

Mudzi wa West Row uli m'chigawo cha Suffolk, kum'mawa kwa England, pafupi ndi tauni ya Mildenhall. Ndi dera lathyathyathya la minda, komwe mawu amayenda mtunda wautali popanda phiri lowatchinga. Mu 1975 khonsolo inapereka chilolezo chomanga bwalo la speedway kumeneko, poyamba cha zaka 10, ndipo mu 1985 inachisandutsa chokhazikika. Timu imene inakhazikika pabwalopo ndi Mildenhall Fen Tigers. Mu 1984 panayambanso mipikisano ya magalimoto akale ogundana, ndipo mu 1992 kuseri kwa bwalo kunatsegulidwa njira ya njinga zamoto zodumpha zitunda, za mpikisano wa motocross.

Pamtunda wa mamita pafupifupi 560 kuchokera pabwaloli panali nyumba yomangidwa m'zaka za m'ma 1950. Mu Januwale 2006 anthu awiri anaigula n'kulowamo. Iwo anati pogula sankadziwa za mipikisanoyo. Pasanathe miyezi yambiri anali atakadandaula kale kukhonsolo. Khonsolo inalamula oyendetsa bwalo kuti achepetse phokoso, koma eni nyumba sanakhutire, ndipo mu 2008 anakasuma kukhoti ntchito yotchinga phokosolo isanathe. Mlanduwu umadziwika ndi dzina loti Coventry v Lawrence. Mayina awiriwa ndi a anthu a mbali ziwirizo, ndipo mlanduwu sukhudzana ndi mzinda wa Coventry, umene umveka patsogolo pa nkhani ina.

Mu Malichi 2011 woweruza wa High Court anakomera eni nyumba. Anawapatsa chipukutamisozi cha ndalama pafupifupi £20,000, komanso chiletso choika malire a phokoso lofika pampanda wa nyumbayo. Oyendetsa bwalo anachita apilo ndipo mu 2012 anapambana: khoti la apilo linati kulira kwa injini kunali kutasanduka mbali ya moyo wa deralo. Eni nyumba nawo sanagonje. Pa 26 Febuluwale 2014 Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri lija, motsogozedwa ndi Lord Neuberger, inabwezeretsa chigamulo choyamba chija.

Masapota ambiri a speedway chigamulochi chinawawawa, ndipo funso lawo ndi limene aliyense angafunse. Bwalo linalipo kuyambira 1975, anthuwa anabwera mu 2006. Wofika mochedwa angaletse bwanji amene anawapeza? Yankho la malamulo a ku England pa funso limeneli ndi lakale kwambiri, ndipo linachokera m'khitchini ya munthu wopanga maswiti.

Mumzinda wa London, mu Wigmore Street, munali wamaswiti amene ankasinja zosakaniza zake m'mitondo iwiri ikuluikulu kwa zaka zoposa 20 popanda wodandaula. Kuseri kwake, mu Wimpole Street, kunkakhala dokotala amene munda wake unkachita malire ndi khitchiniyo. Dokotalayo anamanga chipinda choonera odwala kumapeto kwa mundawo, khoma kugundana ndi khoma. Tsiku ndi tsiku minsi inkagunda, chipinda chinkanjenjemera, ndipo dokotala ankalephera kumvetsera bwino m'chifuwa mwa odwala ake. Anasuma, ndipo mu 1879, pa mlandu wa Sturges v Bridgman, anapambana. Oweruza anati phokosolo silinali mlandu pamene panalibe womusautsa, koma linasanduka mlandu tsiku limene chipinda chinamangidwa. Ganizo lawo linali lakuti munthu sangalande mtendere wa malo a mnzake mpaka kalekale pongofika msanga. Akanalola zimenezo, aliyense woyamba kuchita phokoso akanakhala ngati wagula minda yonse yomuzungulira osalipira kanthu.

Nkhani yofanana inabweranso mu 1977, koma ya mpira wa cricket. M'mudzi wa Lintz, ku County Durham, anthu anali atasewera pabwalo lawo zaka pafupifupi 70 pamene nyumba zatsopano zinamangidwa m'mphepete mwake. Mipira inayamba kugwera m'minda ya eni nyumba ndi kuswa zinthu. Woweruza wotchuka Lord Denning anaima mbali ya osewera, koma anzake awiri anati kufika mochedwa sikuchotsera munthu ufulu wodandaula. Komabe khoti linakana kutseka bwalolo, m'malo mwake linalamula chipukutamisozi cha £400.

Supreme Court inatsata njira yomweyo pa mlandu wa ku Mildenhall, ndipo panali mfundo ina imene ambiri sankaiona: nyumba ija inali yakale kuposa bwalo. Anthu ankakhalamo bwalo lisanamangidwe. Ogula atsopano anangoigwiritsa ntchito monga ankachitira eni ake akale, choncho ufulu wa nyumbayo wokhala mwabata sunathe chifukwa chosintha mwini. Oyendetsa bwalo anaonetsa chilolezo chawo cha kukhonsolo, koma khoti linati khonsolo ikamapereka chilolezo imayang'ana zokomera anthu onse, ndipo ilibe mphamvu yolanda munthu ufulu wa pakhomo pake popanda kumulipira. Anayesanso kunena kuti anachita phokoso kwa zaka zambiri mpaka linasanduka ufulu wawo. Khoti linavomereza kuti ufulu wotere ungapezeke pakatha zaka 20, koma linati iwo sanabweretse umboni wokwanira wakuti phokoso lawo linali losautsa kwa zaka zonsezo.

Mkati mwa chigamulo chomwecho muli mawu ofunika kwambiri pa nkhani ya nyumba zatsopano. Lord Neuberger anati zinthu zikhoza kusiyana ngati wodandaulayo wamanga pamalo pamene kale panalibe nyumba, kapena wasintha ntchito ya malowo, phokoso litayamba kale. Ngati bwalo likugwira ntchito yake mwalamulo ndi mosamala, ngati silinkasautsa aliyense nyumbayo isanamangidwe, ndipo ngati phokoso silinawonjezereke, ndiye kuti bwalo likhoza kukhala ndi podzitetezera. Khoti linamasulanso oweruza kuti asamangothamangira chiletso nthawi zonse. Akhoza kulamula chipukutamisozi n'kusiya masewera apitirire, makamaka pamene anthu ambiri amapindula nawo.

Za ndalama zimene mlanduwu unadya n'zomvetsa chisoni. Mbali ya eni nyumba yokha, ndalama za maloya ndi za inshulansi ya mlandu zinapitirira £1 miliyoni, ndipo oyendetsa bwalo analamulidwa kulipira magawo 60 pa 100 alionse a ndalamazo. Nyumba imene ankalimbirana mtendere wakeyo mtengo wake sunkafika £300,000. Lord Neuberger mwiniwake ananena poyera kuti ziwerengerozo n'zodetsa nkhawa kwambiri. Kuwonjezera apo, nyumbayo inapsa ndi moto mu 2010 mlandu uli mkati, ndipo chiletso chinaimikidwa kudikira kuti ikonzedwe n'kukhalanso anthu. Nkhani ya ndalamazi inapitirira m'khoti mpaka mu 2015.

(Nyimbo pang'ono)

Kodi phokoso amaliyeza bwanji kuti woweruza agamule? Amagwiritsa ntchito kachipangizo kowerenga ma decibel. Muyeso umenewu sukwera ngati wa sikelo ya pamsika. Akawonjezereka ma decibel 10, khutu la munthu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Ukatalikira gwero la phokoso mowirikiza mtunda, limatsika ndi ma decibel pafupifupi 6, ngakhale mphepo ndi kakhalidwe ka nthaka zimasintha zinthu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 1999 kuti m'chipinda chogona phokoso lopitirira lisaposere ma decibel 30 usiku, ndipo panja pa nyumba masana anthu amayamba kusautsika kwambiri likafika pa 55. Ku Mildenhall woweruza anaika malire a 45 masana ndi 37 usiku, n'kupatula mapeto a sabata 12 pachaka pamene bwalo likanaloledwa kupitirira pamenepo.

Njira yogawana masiku imeneyi inaonekanso pabwalo la mipikisano ya magalimoto la Croft, ku North Yorkshire, kumene mu 2009 khoti la apilo linalamula kuti masiku aphokoso kwambiri asaposere 40 pachaka. A speedway nawonso sanangopinda manja. Cha m'ma 2010 bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse la FIM linabweretsa masailensa atsopano ochepetsa kulira, ngakhale okwera ambiri anadandaula kuti akutenthetsa injini ndi kuchititsa njinga kuvuta kuwongolera. Mabwalo ena anaunjika zitunda za dothi ndi kumanga mipanda yotchinga mawu, ndipo ambiri ali ndi ola loikika, kawirikawiri cha m'ma 10 koloko usiku, loti injini zonse zikhale zitazimitsidwa.

Kusintha kwakukulu kunabwera kuchokera kwa anthu oimba. Malo ang'onoang'ono oimbirako nyimbo m'mizinda ya ku Britain ankatsekedwa chifukwa cha madandaulo a anthu olowa m'nyumba zatsopano zomangidwa pafupi. Bungwe la Music Venue Trust ndi anzake analimbikira, phungu wa nyumba ya malamulo John Spellar anabweretsa bilu mu Januwale 2018, ndipo mu Julayi chaka chomwecho boma linaika mfundo yatsopano mu ndondomeko ya mapulani a zomangamanga ku England. Mfundoyo imatchedwa agent of change, ndipo ikunena kuti amene wabweretsa kusintha ndiye asenze udindo wake. Kampani ikafuna kumanga nyumba pafupi ndi bwalo la masewera, tchalitchi, malo omwera mowa kapena oimbira amene alipo kale, iyo ndiyo ilipire mawindo otchinga mawu, mipanda ndi mapulani oika zipinda zogona kumbali yabata, nyumbazo zisanathe kumangidwa. Momwemonso, womanga bwalo latsopano pafupi ndi nyumba zakale ndiye atchinge phokoso lake.

Pulogalamu ino ikuona kuti mfundo imeneyi ndi yachilungamo, chifukwa ikuloza pamene vuto limayambira. Banja limene lasonkha ndalama zaka zambiri kuti ligule nyumba lili ndi ufulu wogona tulo, ndipo si bwino kulinyoza ngati lodana ndi chisangalalo cha ena. Mnyamata amene akuphunzira kukwera njinga pabwalo limene agogo ake ankaonerapo masewera nayenso sanalakwe kanthu. Mkangano wa awiriwa umabadwa tsiku limene khonsolo ikusaina mapulani a nyumba pampanda wa bwalo, kampani yomanga n'kugulitsa, n'kutenga phindu lake, n'kuchoka. Tsoka lake, mfundoyi imagwira ntchito popereka chilolezo chomanga pokha. Sichotsa ufulu wa wokhala m'nyumba wokasuma, ndipo sichotsa udindo umene lamulo la Environmental Protection Act la 1990 limapatsa khonsolo wofufuza dandaulo la phokoso ndi kulamula kuti lichepe.

Palinso china chimene chatseka mabwalo ambiri kuposa madandaulo a phokoso, ndicho mtengo wa malo. Matimu ambiri a speedway si eni mabwalo, amachita lendi. Nyumba zikazungulira bwalo, malo ake amakwera mtengo, ndipo mwini wake amaona kuti kumangapo nyumba kungamubweretsere ndalama zoposa za pageti. Bwalo la Dudley Wood la timu ya Cradley Heath linatsekedwa mu 1995 ndipo lero pali nyumba. County Ground ya ku Exeter inatsatira mu 2005. Timu ya Swindon Robins inatenga chikho cha ligi yaikulu mu 2019, koma sinathamangenso pabwalo lake la Abbey Stadium, limene tsopano lazunguliridwa ndi nyumba zatsopano. Peterborough Panthers, akatswiri a ligi a 2021, anataya bwalo lawo pa East of England Showground kumapeto kwa 2023 chifukwa cha mapulani omangapo nyumba zambirimbiri.

Ku New Zealand nako zachitika. Bwalo la Western Springs mumzinda wa Auckland, kumene mipikisano inayamba mu 1929, linakhala pa mkangano ndi anthu oyandikana nalo kwa zaka zambiri, mpaka nkhani inafika kukhoti loona za chilengedwe ndipo panaikidwa malire a phokoso ndi a masiku. Mu 2024 khonsolo ya mzindawo inagamula zosamutsira mipikisanoyo ku Waikaraka Park.

Komabe pali malo amene anthu anakana kugonja. Ku Oxford speedway inaima mu 2007, ndipo panabwera mapulani ogwetsa bwalo kuti pamangidwe nyumba 220. Anthu a m'deralo anatsutsa, khonsolo inakana mapulaniwo, ndipo mu 2014 inaika bwalolo m'gulu la malo otetezedwa chifukwa cha mbiri yake. Mu 2022 timu ya Oxford Cheetahs inabwerera, ikuthamanga pabwalo lomwe lili pakati pa nyumba za anthu. Pafupi ndi mzinda wa Coventry, bwalo la Brandon, kwawo kwa timu ya Coventry Bees, lakhala lotseka kuyambira kumapeto kwa 2016. Eni malo anafuna kumangapo nyumba 124, koma masapota anapanga gulu lolimenyera nkhondo. Khonsolo ya Rugby inakana mapulaniwo mu Novembala 2022, ndipo apilo ya eni malo inagwa mu Januwale 2024, woyang'anira nkhaniyo atapeza kuti panalibe umboni wakuti bwalolo silikufunikanso.

Speedway ndi masewera a kutali, koma malamulo amene anagamula nkhanizi si achilendo kuno. Malawi ndi Zambia anatengera mbali yaikulu ya malamulo awo ku England, ndipo mlandu wa dokotala ndi wamaswiti uja umaphunzitsidwa kwa ophunzira zamalamulo m'maiko otsata njira imeneyi. Aliyense amene anaonapo chigayo chimene chinali chokha kumapeto kwa mudzi chitazunguliridwa ndi nyumba akudziwa kale mmene mkangano wotere umayambira.

Omvera amene muli ku Britain ndipo mukufuna kugula kapena kuchita lendi nyumba m'malo omangidwa kumene, musadalire ulendo umodzi wa masana ndi wogulitsa. Yang'anani pamapu ngati pali bwalo lililonse pafupi, funsani masiku amene kumakhala mpikisano, ndipo mupiteko madzulo a tsiku lotero mukaime pakhomo pa nyumbayo n'kumvetsera nokha. Mapepala a chilolezo chomangira nyumbazo amapezeka poyera pa intaneti ya khonsolo, ndipo amaonetsa ngati kampani yomanga inalamulidwa kutchinga phokoso. Awerengeni musanasaine chilichonse.